Kompyuta ndi Nthaka: Ntchito ya CAD ndi GIS pa Maphunziro a Kakonzedwe ka Malo

1.0 Mawu oyamba

Munthu akamayenda m'paki kapena m'bwalo la sukulu lokonzedwa bwino, kawirikawiri saganiza kuti alipo wina amene anakhala pansi n'kusankha podutsa njira, pobzala mtengo ndi kolowera madzi a mvula. Ntchito imeneyi ili ndi eni ake. M'Chingerezi amaitcha landscape architecture, ndipo m'nkhani ino ndiziitcha kakonzedwe ka malo. Wokonza malo amasiyana ndi wojambula mapulani a nyumba chifukwa zipangizo zake ndi zapanja: nthaka, madzi, mitengo, udzu, miyala ndi mthunzi. Amasiyananso ndi wosamalira maluwa chifukwa iye amaganizira malo onse pamodzi khasu lisanagwe pansi, ndipo amaona m'mene malowo adzakhalire mitengo ikadzakula.

Masiku ano sukulu zophunzitsa ntchitoyi zimadalira zida ziwiri za pakompyuta, CAD ndi GIS. Cholinga changa ndi kufotokoza zida zimenezi, kumene zinachokera, m'mene wophunzira angazigwiritsire ntchito, ndiponso misampha imene ilimo. Mfundo imene ndaima nayo ndi yakuti zida ziwirizi zimapindulitsa wophunzira amene waphunzira kaye kuwerenga nthaka ndi kufunsa mafunso oyenera. Wophunzira amene wangoloweza mabatani amatulutsa pulani yokongola imene mvula yoyamba ikhoza kuichititsa manyazi.

2.0 Kodi CAD ndi GIS n'chiyani?

CAD ndi chidule cha mawu akuti computer-aided design, kutanthauza kujambula mapulani mothandizidwa ndi kompyuta. Kale wophunzira ankakhala pa thabwa lojambulira ali ndi pensulo, rula ndi chofufutira. Akafuna kusintha m'lifupi mwa njira, ankafufuta kapena kuyambiranso pepala lonse. Pa CAD mzere uliwonse umasungidwa ngati manambala: poyambira pake, pothera pake ndi utali wake weniweni. Njira ya mamita 40 imajambulidwa ngati mamita 40, ndipo sikelo imasankhidwa pa nthawi yosindikiza. Pa sikelo ya 1:200, sentimita imodzi papepala imaimira mamita 2 pansi, choncho njira ija imatuluka yotalika masentimita 20. Pulogalamuyo imawerengeranso kukula kwa malo obzala kapinga ndi kuchuluka kwa njerwa zoyala m'njira. Zinthu zimajambulidwa pa magawo osanjikizana: gawo la mitengo, la mipope, la ngalande, la njira. Mmisiri wa mipope akhoza kupatsidwa gawo lake lokha.

GIS ndi chidule cha geographic information system, dongosolo losunga, kusanthula ndi kuonetsa uthenga wokhudza malo. Imasiyana ndi mapu apapepala m'njira ziwiri. Choyamba, chinthu chilichonse chimakhala ndi keyala yake yeniyeni padziko lapansi. Chachiwiri, kuseri kwa chinthucho kumakhala tebulo la uthenga. Chitsime chimaoneka ngati kadontho, koma ukakadina umapeza kuya kwake ndi mwezi umene chimaphwa. Mtsinje umakhala mzere, ndipo dambo limakhala chigawo chotsekeka. Uthenga wina, monga zithunzi za setilaiti ndi kukwera kwa nthaka, umasungidwa m'timabokosi tofanana ngati ta m'kope la masamu, ndipo kabokosi kalikonse kamakhala ndi nambala imodzi. Chifukwa cha ichi munthu akhoza kufunsa kompyuta kuti imuonetse malo onse otsetsereka pang'ono, a dothi lolowa madzi, amene ali kutali ndi mtsinje.

Mwachidule, GIS imayankha mafunso akuti "pati?" ndi "chifukwa chiyani pamenepo?" pamene CAD imayankha akuti "motani?" ndi "pa miyeso yanji?" Wokonza malo amafuna mayankho onsewa, koma amayenera kubwera motsatana.

3.0 Mbiri: funso linatsogola, makina anatsatira

Mbiri ya zida zimenezi ndi ya ku North America makamaka, ndipo ili ndi phunziro kwa aliyense wophunzitsa ntchitoyi. Maphunziro a digiri a kakonzedwe ka malo anayamba pa yunivesite ya Harvard m'chaka cha 1900. Anawatsogolera ndi Frederick Law Olmsted Jr., mwana wa Olmsted uja amene, pamodzi ndi Calvert Vaux, anakonza pulani ya Central Park ku New York mu 1858. Mu 1912 wokonza malo wina, Warren Manning, pokonza pulani ya tauni ya Billerica ku Massachusetts, anajambula mapu angapo a sikelo imodzi oonetsa nthaka, zomera ndi kukwera kwa malo kuti aziwayerekeza. Nthawi imeneyo kompyuta kunalibe.

Amene anatchukitsa njira yosanjikiza mapu ndi Ian McHarg, mbadwa ya ku Scotland amene anaphunzitsa pa yunivesite ya Pennsylvania kuyambira mu 1954. M'buku lake la mu 1969 lotchedwa Design with Nature anafotokoza m'mene anafufuzira podutsa msewu wa Richmond Parkway pa chilumba cha Staten Island. Chinthu chilichonse chofunika anachijambula pa pepala lake loonekera mkati: kutsetsereka kwa malo, kayendedwe ka madzi, kukokoloka kwa nthaka, nkhalango, zinyama, malo a mbiri yakale ndi nyumba za anthu. Pamene msewu ukanawononga kwambiri ankadetsapo kwambiri. Atasanjikiza mapepala onse pa kuwala, malo amene anakhalabe owala ndi amene msewu ukanadutsa popanda kupweteka anthu ndi chilengedwe kwambiri. Njira yomweyi inagwiritsidwa ntchito pokonza tauni ya The Woodlands ku Texas, imene inatsegulidwa mu 1974. Kumeneko McHarg ndi anzake analangiza kuti malo a dothi lomwa madzi asiyidwe osamangapo, ndipo madzi a mvula aziyenda m'ngalande zaudzu.

Njira ya mapepalayi inali ndi vuto. Mapepala akachuluka, ponseponse pankada. Munthu akafuna kusintha kulemera kwa chinthu chimodzi, ankayenera kujambulanso. Kompyuta inabwera kudzachotsa vuto limeneli. Ku Canada, Roger Tomlinson anayamba mu 1963 ntchito imene inabala Canada Geographic Information System, yowerengera nthaka ya m'dzikolo. Mu 1965 Howard Fisher anakhazikitsa Laboratory for Computer Graphics ku Harvard, kumene pulogalamu ya SYMAP inkasindikiza mapu pomenya zilembo pamwamba pa zinzake kuti malo ena ade. Mu 1967 mphunzitsi wa kakonzedwe ka malo, Carl Steinitz, anaigwiritsa ntchito ndi ophunzira ake posanthula dera la Delmarva. Mmodzi mwa amene anaphunzira kakonzedwe ka malo ku Harvard m'zaka zimenezo, Jack Dangermond, anayambitsa kampani ya Esri ku Redlands, California, pamodzi ndi mkazi wake Laura mu 1969. Kampaniyi inatulutsa pulogalamu ya ARC/INFO kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980.

CAD inadzera njira ina, ya akatswiri a zomangamanga ndi makina. Ivan Sutherland anaonetsa pulogalamu ya Sketchpad ku MIT mu 1963, ndipo kampani ya Autodesk inatulutsa AutoCAD mu 1982, imene inkayenda pa makompyuta ang'onoang'ono a mu ofesi.

Chimene ndikuona m'mbiri imeneyi n'chakuti okonza malo anali nawo m'gulu la amene analera GIS. Iwo anali kale ndi funso lakuti malo awa angalole chiyani, ndipo makina anapangidwa kuti awathandize kuliyankha msanga. Sukulu imene imaphunzitsa pulogalamu isanaphunzitse funsolo yatembenuza mbiri chadodolido.

4.0 Zida zafika pafupi

Kwa zaka zambiri zida zimenezi zinali za mayiko olemera okha. Zinthu zinayamba kusintha m'chaka cha 2000, pamene chombo cha m'mlengalenga cha Endeavour chinayeza kukwera kwa nthaka ya mbali yaikulu ya dziko lapansi pa ntchito yotchedwa SRTM. Mu 2002 Gary Sherman anayamba kulemba pulogalamu imene tsopano imatchedwa QGIS, imene aliyense amaitenga pa intaneti kwaulere. Google Earth inatuluka mu 2005. Mu 2008 dziko la America linalola kuti zithunzi za Landsat zizitengedwa kwaulere, ndipo mu 2014 linatulutsa miyeso ya SRTM ya Africa ya timabokosi ta mamita 30. Mu 2015 mayiko a ku Ulaya anaulutsa setilaiti yoyamba ya Sentinel-2, imene zithunzi zake zina zili ndi timabokosi ta mamita 10.

M'chigawo chathu chino cha Africa, kakonzedwe ka malo kamaphunzitsidwa ku mayunivesite a Pretoria ndi Cape Town. Kuno ku Malawi, bungwe la UNICEF linatsegula African Drone and Data Academy ku Lilongwe mu 2020 kuti achinyamata aphunzire kujambula malo ndi ndege zazing'ono zopanda woyendetsa ndi kusanthula zithunzizo. Ntchito yofuna nzeru zimenezi ilipo. Mzinda wa Lilongwe, umene unakhala likulu mu 1975, unakonzedwa kuti ukhale mzinda wa mitengo ndi minda, wokhala ndi malo obiriwira m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi. Kuteteza malo otere pamene mzinda ukukula kumafuna anthu odziwa kuwerenga mapu ndi nthaka yomwe.

5.0 Phunziro lachitsanzo

Kuti zimveke bwino, ndipereka ntchito yongoyerekeza ya mtundu umene wophunzira angapatsidwe. Tiyerekeze kuti pali sukulu imene ili ndi malo a hekitala imodzi, mamita 100 mbali zonse, m'munsi mwa phiri. Kumunsi kwake kuli dambo. Nthaka imatsika mamita 5 pa mamita 100 alionse, ndiko kunena kuti 5 peresenti. Sukuluyi ikufuna bwalo la masewera, dimba, njira ndi malo okhala pamthunzi.

Ntchito yoyamba ndi ya mapazi. Wophunzira azungulire malowo, aone mtundu wa dothi, pamene udzu ukusintha, pamene pali chulu ndi pamene madzi anasiya zinyalala chaka chatha. Afunse mlonda, aphunzitsi ndi alimi oyandikana nawo za m'mene madzi amayendera mu Januwale. Kenaka ayeze kukwera kwa nthaka m'malo osiyanasiyana, kuti apeze mizere yolumikiza malo okwera mofanana. Mwana wa mlimi savutika kumvetsa mizere imeneyi, pakuti ndi nzeru yomwe ija ya akalozera a m'munda.

Ntchito yachiwiri ndi ya GIS, ndipo apa wophunzira amatuluka kunja kwa mpanda. Madzi odutsa pasukulu amachokera kumtunda. Tinene kuti mapu a kukwera kwa nthaka aonetsa kuti mahekitala 5 a phiri amatsanulira madzi awo pamalopa. Milimita imodzi ya mvula pa sikweya mita imodzi ndi lita imodzi ya madzi. Mvula ya mamilimita 30 pa mahekitala 5, amene ndi masikweya mita 50,000, ndi malita 1,500,000. Ngakhale theka litalowa pansi, malita 750,000 adzatsikira pasukulu. Amenewa ndi migolo 3,750 ya malita 200. Wophunzira amene waona nambala imeneyi sangajambule ngalande ngati chokongoletsera. Akasanjikiza mapu a madzi, a dothi, a mtsetse ndi a mitengo imene ilipo kale, malo amayamba kudzigawa okha: dimba kufupi ndi dambo koma kunja kwa malire osefukira madzi, bwalo la masewera pamene pali pouma, mizere ya vetiva kumtunda kuti idule liwiro la madzi.

Ntchito yachitatu ndi ya CAD. Bwalo likhale la mamita 60 m'litali ndi 40 m'lifupi. Likagonekedwa motsata mtsetse, mbali imodzi imakwera mamita 3 kuposa inzake, ndipo kuti lisalale pafunika kukumba dothi la makyubiki mita pafupifupi 900 kumtunda n'kukathira kumunsi. Likagonekedwa mopingasa mtsetse, kusiyana kumakhala mamita 2 ndipo dothi lokumba limakhala pafupifupi makyubiki mita 600. Kungotembenuza bwalo kwapulumutsa makyubiki mita 300. Ngati wilibala imanyamula dothi lokwana malita 60, amenewa ndi maulendo 5,000 amene makolo obwera ku chitukuko sadzayenda. Pa thabwa lojambulira, kuyesa njira ziwirizi kukanadya nthawi yambiri. Pa kompyuta wophunzira akhoza kuyesa njira zisanu tsiku limodzi, ndipo uwu ndi umodzi mwa maubwino aakulu a CAD pa maphunziro.

Miyeso ina ndi ya chilungamo. Ngati khomo la kalasi lili mita imodzi pamwamba pa bwalo, mwana woyenda pa njinga ya olumala amafunika chikweza chosapitirira 1:12, ndiko kuti mamita osachepera 12, kuphatikizapo popumira. CAD imaonetsa msanga ngati malo amenewo alipo. Denga la masikweya mita 200 limatulutsa malita 6,000 pa mvula ija ya mamilimita 30, ndipo wophunzira ayenera kusankha ngati madziwo apite m'thanki yothirira dimba kapena akakumbe chigwembe kuseri kwa kalasi.

6.0 Misampha inayi

Msampha woyamba ndi wa kukula kwa timabokosi. Kabokosi ka SRTM ka mamita 30 kamaphimba masikweya mita 900, choncho hekitala yonse ya sukulu ija ili ndi timabokosi 11 tokha. Khwawa la mamita 2 m'lifupi silingaonekemo. Komanso miyeso imeneyi inatengedwa mu 2000, ndipo pamene panali nkhalango yowirira makinawo ankayeza pafupi ndi nsonga za mitengo. Pulogalamu ikhoza kutulutsa mizere yosalala kuchokera ku miyeso yokhakhala yotere, ndipo diso losazindikira limaikhulupirira. Uthenga umenewu ndi wabwino poona kumene madzi akuchokera, koma pokumba ngalande pamafunika miyeso ya oyeza malo.

Msampha wachiwiri ndi wa poyambira kuyeza. Mapu akale a dziko lino anajambulidwa pa muyeso wotchedwa Arc 1950, pamene GPS ya m'foni imagwiritsa ntchito WGS 84. Munthu akasanjikiza ziwirizi osauza kompyuta, zinthu zimasuntha ndi mamita opitirira 100. Malire a munda akhoza kugwera m'munda wa mnansi, ndipo mlandu wa malo umayambira pamenepo. Pulani ya CAD nayo kawirikawiri imajambulidwa popanda keyala ya padziko, choncho poisamutsira ku GIS imatha kukagwera kutali ndi kwawo.

Msampha wachitatu ndi wa dzuwa ndi mitengo. Pulogalamu ya SketchUp, yoonetsa malo ngati enieni, inapangidwa ku Boulder, Colorado, ndipo munthu akapanda kuiuza kumene malo ake ali imaonetsa mithunzi ya mzinda umenewo, umene uli madigiri 40 kumpoto kwa equator. Kumeneko dzuwa la masana limakhala kummwera chaka chonse. Malawi ali pakati pa madigiri 9 ndi 17 kummwera. Kuno dzuwa la mu Juni limapendekera kumpoto, ndipo la mu Disembala limapendekera pang'ono kummwera. Benchi loikidwa pamthunzi wa pakompyuta likhoza kukhala padzuwa lowotcha. Mitengo imene imabwera kale m'mapulogalamu yambiri ndi ya m'mayiko ozizira, ndipo pa pulani mtengo umangokhala kabwalo kobiriwira. Kabwaloko sikanena kuti nsangu imayoyola masamba nthawi ya dzinja n'kuphuka m'chilimwe, kuti bulugamu amamwa madzi ambiri ndipo sayenera kukhala pafupi ndi chitsime, kapena kuti m'bawa umakula kwambiri ndipo suyenera kubzalidwa pafupi ndi khoma.

Msampha wachinayi ndi waukulu kuposa yonse. Posanjikiza mapu, wina amayenera kusankha chimene chikulemera kuposa chinzake: mtengo wa ntchito kapena nkhalango, njira yaifupi kapena dambo. Chisankho chimenechi ndi cha munthu, koma chikatuluka m'kompyuta chimavala nkhope ya sayansi. Ndiponso chimene sichinalowetsedwe m'kompyuta sichioneka n'komwe. Manda akale obisika m'nkhalango, kanjira kachidule kamene amayi amadzera popita kuchigayo, mtengo umene mudzi umakumanirapo, zonsezi setilaiti siidziwa tanthauzo lake. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Pulani yamitundumitundu imene yaika bwalo la mpira pamanda ndi mkuyu wotere.

7.0 Mawu a eni nthaka

Kwa ife ophunzira chiyankhulo, pali mfundo imene imatikhudza. Anthu athu anasanthula kale malo awo, ndipo zotsatira zake anazisunga m'mawu. Mlimi akati katondo, makande kapena mchenga, wanena kale za mtundu wa dothi, m'mene limagwirira madzi ndi m'mene limachitira likauma. Makande amamata nthawi ya mvula n'kung'aluka m'chilimwe, ndipo njira ya simenti yoyalidwa pamenepo mosasamala imasweka. Mawu akuti dambo, khwawa, chithaphwi, chigwembe ndi dimba akusiyanitsa malo a madzi m'njira imene mapu wamba sasiyanitsa. Mawu akuti dambo anafika pobwerekedwa ndi akatswiri a sayansi ya nthaka, amene amawalemba momwemo m'mabuku awo a Chingerezi.

Tebulo la GIS limalandira mawu a chiyankhulo chilichonse. Wophunzira akhoza kuyenda ndi akuluakulu a m'mudzi, kulemba dzina limene iwo amapatsa malo alionse, n'kupanga gawo la mapu lochokera m'mawu amenewo. Gawo limeneli limadzaza mipata imene setilaiti yasiya. Pamapeto pake pulaniyo iyenera kubwerera kwa eni ake ndi kufotokozedwa m'chiyankhulo chimene komiti ya sukulu ndi amfumu angatsutse nacho. Munthu sangavomereze mwaufulu pulani imene sakuimva.

8.0 Ndondomeko ya kaphunzitsidwe

Potengera zonsezi, ndikuona kuti maphunziro ayenera kuyenda motere. Poyamba wophunzira aphunzire kuyenda m'malo, kuyeza ndi tepi, kudziwa mitengo ndi dothi, ndi kujambula ndi dzanja. Kenaka asanjikize mapu a papepala monga ankachitira McHarg, kuti aone ndi maso ake chimene kompyuta idzachite mobisika. Pambuyo pake alowe mu GIS, kenaka mu CAD, ndipo zida ziwirizi aziphunzire pa ntchito ya malo enieni amene angathe kuwayendera. Pomaliza abwerere kumaloko ndi pulani m'manja, akhome zikhomo pansi, aone ngati zimene wajambula zikukwanadi.

Ena amatsutsa ndondomeko yotere. Iwo amati olemba ntchito amafuna munthu wodziwa AutoCAD tsiku loyamba, ndipo nthawi yothera pa pensulo ndi yotayika. Mfundoyi ili ndi mbali yoona, pakuti womaliza maphunziro amene sadziwa kompyuta amavutika kupeza ntchito, ndipo mapulani amasinthanidwa pakati pa akatswiri ngati mafayilo. Komabe mapulogalamu amasintha kawirikawiri, ndipo ARC/INFO imene inali yotchuka inalowedwa m'malo ndi ina. Kuwerenga mtsetse ndi kudziwa kolowera madzi sikusintha. Wodziwa zimenezi amaphunzira pulogalamu yatsopano mosavuta, pamene wodziwa pulogalamu yokha alibe poonera kuti kompyuta yamusokeretsa.

Kayesedwe ka ophunzira nako kayenera kutsata mfundo yomweyi. Mphunzitsi asakopeke ndi kuwala kwa chithunzi. Afunse kuti miyeso imeneyi inachokera kuti, inatengedwa chaka chanji, timabokosi take n'totani, ndani anasankha kulemera kwa magawo, ndipo ndani anafunsidwa. Kumene ndalama zogulira mapulogalamu n'zochepa ndipo magetsi amazimazima, QGIS ndi mapepala oonekera mkati zimakwanira kuphunzitsa maziko onse.

9.0 Mawu omaliza

Nkhani ya kakonzedwe ka malo imaoneka ngati ya maluwa ndi kukongola, koma pansi pake pali miyoyo ya anthu. M'mwezi wa Malichi 2023, namondwe wa Freddy anagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe mumzinda wa Blantyre, ndipo anthu ambiri anafa. Ambiri mwa amene anamanga m'malo otsetsereka chotero anatero chifukwa chosowa malo ena, ndipo mapu paokha sangathetse umphawi. Koma mtsetse, phiri lopanda mitengo ndi njira za madzi ndi zinthu zimene wophunzira wa GIS amaphunzira kusanjikiza, ndipo dziko likufunika anthu amene angazione msanga n'kuzifotokoza momveka kwa okhala pamalopo ndi kwa olamula.

M'nkhani ino ndaonetsa kuti GIS imathandiza kusankha malo, CAD imathandiza kupereka miyeso, ndipo zonse ziwiri zimadalira uthenga umene munthu wazipatsa. Ndaonetsanso kuti njira yosanjikiza mapu inayamba ndi okonza malo kompyuta isanabwere. Pempho langa kwa okonza maphunziro ndi lakuti aphunzitse zida zimenezi mokwanira, koma aike patsogolo mapazi, maso ndi makutu a wophunzira. Makolo athu anati madzi saiwala khwawa. Wophunzira amene wamvetsa mwambi umenewu adzadziwa choyamba kufunsa akakhala pa kompyuta.